Kujambula Apolisi ku Joni: Zimene Lamulo Likulola ndi Mmene Mungachitire

Pa 26 February 2013, ku Daveyton, kum'mawa kwa Johannesburg, apolisi anamangirira mnyamata wa ku Mozambique kumbuyo kwa veni yawo n'kumukhwekhwereza pamsewu anthu akuona. Dzina lake anali Mido Macia, woyendetsa tekisi. Anamwalira m'chitokosi tsiku lomwelo. Nkhaniyi ikanakwiriridwa pakanapanda munthu wina m'khamulo amene anatulutsa foni n'kujambula. Vidiyo ija inafika ku nyuzipepala ya Daily Sun, dziko lonse linaiona, ndipo mu 2015 apolisi asanu ndi atatu anapezeka olakwa pa mlandu wakupha, n'kugamulidwa zaka 15 aliyense.

Ndayamba ndi Macia dala, chifukwa anali mlendo ngati ife. Amalawi ambiri kuno ku Joni, kaya ku Mayfair, Rosettenville, Yeoville kapena Diepsloot, timangoti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo tikaona veni yaima timabisa foni n'kuyang'ana kumbali. Ena amakhulupirira ndithu kuti kujambula wapolisi ndi mlandu. Si mlandu ayi. Koma pali kachitidwe kake, ndipo wosakadziwa amagona m'chitokosi ngakhale lamulo lili kumbali yake.

Yambani mwadziwa pamene mwaima

Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a mu 1996, pa ndime 16, amapereka ufulu wolankhula zakukhosi komanso wolandira ndi kufalitsa nkhani. Ndimeyi imati ufuluwu ndi wa aliyense. Pali maufulu ena, monga wovota, amene analembedwa kuti ndi a nzika zokha, koma uwu ayi. Wobadwira ku Soweto ndi wobadwira ku Mangochi ali nawo chimodzimodzi. N'chimodzimodzinso ndime 14, yoteteza katundu wanu kuti asasechedwe kapena kulandidwa mwachisawawa, ndi ndime 35, ya maufulu a munthu womangidwa.

Palinso lamulo la RICA la mu 2002, lomwe lija timalidziwira polembetsa simu khadi. Lamuloli limalola munthu kujambula mawu a zokambirana zimene iye mwini akutenga nawo mbali. Ndiye wapolisi akamalankhula nanu, simufunika chilolezo chake kuti mujambule.

Makhoti nawo ananenapo. Mu 2019 loya wina wa ku Kempton Park anapeza apolisi a mzinda wa Ekurhuleni atatchinga msewu pageti la nyumba yake. Anawafunsa mafunso, anayamba kujambula, iwo n'kumumanga. Mu 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti anamangidwa mosatsata lamulo, kuti kufunsa apolisi ndi kuwajambula si kuwasokoneza pa ntchito, ndipo anapatsidwa chipukuta misozi cha R250,000. Koma taonani zaka zimene zinadutsapo, ndipo mwiniwakeyo anali loya. Anagona m'chitokosi kaye, chilungamo chinabwera pambuyo. Muzikumbukira zimenezo powerenga zonse zotsatirazi.

Konzani foni musanatuluke m'nyumba

Pa nthawi ya chipwirikiti manja amanjenjemera, si nthawi yoyamba kufunafuna pamene pali kamera. Phunzirani kutsegula kamera foni ili yokhoma. Mafoni ambiri a Android amatsegula mukadina kawiri batani loyatsira. Ubwino wake ndi woti wina akakutsomphorani foniyo, amangopeza kamera, osati mauthenga anu.

Khomani foni ndi manambala a PIN, osati chala kapena nkhope yokha. Chala n'chosavuta kuchigwira n'kuchidinditsa, pomwe manambala ali m'mutu mwanu. Yatsaninso zoti zithunzi zizidzisunga zokha pa intaneti, monga pa Google Photos, ngakhale zimadya data. Siyani malo m'foni, pakuti vidiyo ya mphindi zisanu imafuna malo ambiri, ndipo foni yodzaza ndi mavidiyo a ukwati wa kumudzi idzakukanirani pa nthawi yofunika.

Lowezani pamtima nambala imodzi ya munthu amene angakuthamangireni. Foni ikalandidwa, manambala onse amapita nayo.

Kenako mapepala. Apa ndilankhule mosabisa mawu. Lamulo loona za olowa ndi kutuluka m'dziko la mu 2002, pa ndime 41, limapatsa wapolisi kapena wa Home Affairs mphamvu yofunsa munthu kuti asonyeze ngati ali m'dziko muno movomerezeka, ndipo ngati sakhutira akhoza kumusunga mpaka maola 48 akufufuza. Mukatulutsa foni, maso a apolisi amatembenukira kwa inu, ndipo funso loyamba likhala la pasipoti. Ngati mapepala anu ali bwino, yendani nawo, ndipo kunyumba kukhale makope ake odinditsa. Ngati masiku anakutherani kalekale, ufulu wojambula mukadali nawo, koma vidiyoyo siidzakutchingirani njira ya ku Lindela, kumene amasungira alendo odikira kubwezedwa kwawo. Maganizo anga ndi oti munthu wotere ajambulire patali kwambiri, pazenera kapena pakhonde la pamwamba, kapena angosunga m'mutu nambala ya veni ndi nthawi, n'kusiyira kujambulako mnzake wa mapepala okwana. Palibe manyazi pamenepo.

Pojambula penipeni

Imani potalikirapo. Lamulo la apolisi la mu 1995, pa ndime 67, limati kutsekereza kapena kusokoneza dala wapolisi pa ntchito yake ndi mlandu, ndipo mlandu umenewu ndi umene amathamangira kukupachikani nawo. Musawapatse poyambira. Masitepe khumi kapena kuposa apo ndi abwino. Musalowe pakati pa wapolisi ndi munthu amene akumangidwa, musagwire aliyense, musadumphe tepi imene atchingira malo. Akakuuzani kuti musunthe, sunthani cham'mbuyo uku mukujambulabe. Kusuntha akhoza kukulamulani, kuzimitsa kamera ayi.

Foni ikhale poonekera, ndipo dzanja linalo lisakhale m'thumba. Wapolisi wa ku Joni amagwira ntchito mumzinda wa mfuti zambiri, ndipo munthu wopisa m'jekete mwadzidzidzi amamuona ngati akusolola chida.

Poyamba penipeni nenani mokweza pang'ono tsiku, nthawi ndi malo, monga dzina la msewu ndi sitolo imene ili pafupi. Kenako khalani chete. Ichi ndiye chimatilaka ambiri: timajambula uku tikukuwa, tikulongosola, tikutukwana, mapeto ake mawu a wapolisi samveka, akumveka ndi athu okha. Khoti likufuna kumva zimene wapolisiyo ananena, osati ndemanga zanu.

Gwirani foni chopingasa, ndi manja awiri ngati n'kotheka, ndipo musamadule. Vidiyo imodzi yaitali ili ndi mphamvu kuposa tizidutswa khumi, chifukwa loya wa mbali inayo adzafunsa kuti pakati pa tizidutswato panachitika chiyani. Yambani ndi chithunzi chotakata choonetsa malo onse, kenako funani zinthu zozindikiritsa: nambala ya galimoto, manambala ndi dzina la siteshoni zolembedwa m'mbali mwa veni, dzina la pachifuwa cha yunifolomu, nkhope. Onetsetsaninso kuti ndi gulu liti, pakuti a SAPS ndi apolisi a dziko lonse pomwe a JMPD ndi a mzinda, ndipo podzasuma muyenera kudziwa amene mukumusumira. Ovala zovala wamba amene akuti ndi apolisi mukhoza kuwapempha mwaulemu kuti aonetse khadi lawo la ntchito.

Ngati woimitsidwayo ndinu nomwe, muli pa chiwongolero, imitsani kaye galimoto bwinobwino musanagwire foni. Kugwira foni mukuyendetsa ndi mlandu paokha. Ikani foni pa dashibodi, muwauze kuti ikujambula, kenako perekani laisensi monga mwa nthawi zonse.

Vidiyo ya mu July 2023, ya apolisi olondera wachiwiri kwa pulezidenti Paul Mashatile akumenya anthu m'mbali mwa msewu wa N1 kuno ku Johannesburg, inajambulidwa ndi munthu amene anali m'galimoto ina. Sanatsike, sanakangane ndi aliyense. Apolisi asanu ndi atatu anakaonekera kukhoti la majisitireti ku Randburg chifukwa cha vidiyo imeneyo.

Malo ena ali ndi malamulo awoawo: m'khoti, kundende, m'malo a asilikali, ndi mbali zina za bwalo la ndege la OR Tambo. Kumeneko funsani kaye.

Akati "zimitsa" kapena "bweretsa foniyo"

Apa ndi pamene nkhani imatenthera. Yankhani kamodzi, ndi mawu otsika, m'Chingerezi chosavuta: mukujambula muli pamalo a anthu onse, simukusokoneza ntchito yawo, ndipo mwasuntha monga anenera. Muwatchule kuti "Officer" kapena "Sir". Musayambe kuwaphunzitsa ndime za malamulo pamsewu. Palibe wapolisi amene anagonjapo pa mtsutso pamaso pa anzake ndi khamu la anthu.

Akafunsa dzina ndi kumene mumakhala, auzeni zoona. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu la mu 1977 limawalola kufunsa zimenezi kwa munthu amene akumuganizira mlandu kapena amene angakhale mboni, ndipo inu wojambula mwadzisandutsa kale mboni. Kukana kapena kunama ndi mlandu.

Palibe lamulo lopatsa wapolisi mphamvu yokulamulani kufufuta vidiyo. Za kulanda foni zili motere: lamulo limalola apolisi kutenga chinthu chimene chingakhale umboni wa mlandu, koma mwa nthawi zonse pamafunika chikalata cha khoti. Popanda chikalatacho, amatenga pokhapokha inu mwavomera, kapena ngati ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti khoti likanawapatsa chikalatacho koma kudikira kukanaonongetsa umboni. Ndiye mawu anu ndi ofunika kwambiri. Nenani momveka, kamera ikumva, kuti "I do not consent". Kupereka foni mwakachetechete kumaoneka ngati mwavomera.

Mwanena mawuwo koma akutengabe? Isiyeni ipite. Musalimbirane, musakoke, musathawe. Foni ya R2,000 si yofera, ndipo kukokanako ndi kumene kumasanduka mlandu wolimbana ndi wapolisi. Ngati mwapeza mpata, dinani batani kuti ikhome. PIN musapereke, auzeni kuti mukufuna kulankhula ndi loya kaye. Funsani dzina la amene watenga, siteshoni imene ikupita, ndi nambala imene ailembere m'kaundula wa katundu wolandidwa, amene amamutcha SAP 13.

Akakuopsezani mpaka mwafufuta, musataye mtima. Mafoni ambiri amasunga zofufutidwa m'kabini kwa masiku pafupifupi 30, ndipo ngati munayatsa zosungira pa intaneti zija, mwina vidiyoyo inakwera kale. Mukafika pabwino, yang'anani kumeneko musanajambule china chilichonse.

Kudzudzula ndi kutukwana n'zosiyana

Kuuza wapolisi kuti "zimene mukuchitazi si zololedwa, munthuyu sakulimbana nanu" ndi ufulu wanu. Kufunsa chifukwa chimene akukuimitsirani ndi ufulu wanu. Kulemba pa Facebook kuti apolisi akuzunza ogulitsa malonda m'misewu ya m'tauni ndi ufulu wanunso.

Koma kuno kuli mlandu wotchedwa crimen injuria, wonyoza munthu dala mpaka kumuchotsera ulemu wake, ndipo wapolisi naye ndi munthu. Mu 2018 Vicki Momberg anagamulidwa zaka zitatu, chimodzi choimikidwa, chifukwa chotukwana apolisi akuda ndi mawu a tsankho kuno ku Johannesburg. Umboni womumanga unali vidiyo. Kamera sisankha mbali: imajambula zoipa za wapolisi, imajambulanso pakamwa panu. Dzudzulani zochita zake, musakhudze mtundu wake, mayi ake kapena thupi lake. Ndipo musadalire kuti mukatukwana m'Chichewa sakumva. Nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimamasulira zokha. Kuopseza, kapena kuuza khamu kuti ligende veni, ndime 16 siiteteza.

Pali msampha wina woti ndiutchule. Lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 2004 limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Vidiyo ya wapolisi akupempha "ya drink" ndi umboni wabwino. Vidiyo ya inu mukumupatsa R100 ndi umboni womanga nonse awiri. Musaiponye pa gulu la WhatsApp musanaionetse loya.

Akakumangani

Funsani ngati mwamangidwa komanso pa mlandu wanji, ayenera kukuuzani. Kuchokera pamenepo, kupatula dzina ndi adiresi, khalani chete. Muli ndi ufulu wosayankha mafunso, wolankhula ndi loya, wodziwitsa mkazi, mwamuna kapena m'bale wanu, ndi wouzidwa zonsezi m'chinenero chimene mukumva. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chanu n'chongogulira matimati, nenani kuti mukufuna womasulira. Monga mlendo mukhozanso kupempha kuti adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ya konsulo kuno ku Johannesburg.

Musasaine pepala limene simunalimvetse. Pepala la SAP 14A ndi longokudziwitsani maufulu anu, ndipo kope yake muisunge chifukwa imasonyeza nthawi imene anakutsekerani. Chenjerani ndi pepala lolipira faindi yovomera kulakwa. Limaoneka ngati njira yachidule yotulukira, koma likhoza kukusiyirani mbiri ya mlandu imene idzakutsateni pokonzetsa pemiti, ndiponso mwavomera nokha kuti munalakwa. Belo ya kupolisi ndi ina: pa milandu ing'onoing'ono imaperekedwa pasiteshoni pomwepo, ndipo ili ndi lisiti. Ndalama yopanda lisiti si belo.

Ayenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, koma maolawo akathera kumapeto a sabata mumadikira tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito. Womangidwa Lachisanu madzulo amaona majisitireti Lolemba. Kukhoti pemphani loya wa Legal Aid South Africa ngati mulibe ndalama.

Vidiyo muli nayo, ndiye mutani?

Tsiku lomwelo, isungeni m'malo awiri kapena atatu. Potumiza pa WhatsApp, itumizeni ngati dokyumenti, chifukwa mukaitumiza mwachizolowezi imafinyidwa, nambala ya veni imafufutika ndipo zosonyeza tsiku limene inajambulidwa zimatayika. Yoyambirirayo musaidule, musaiikemo nyimbo kapena mawu. Lembani papepala zonse zimene mukukumbukira zikadali zaziwisi, pamodzi ndi mayina ndi manambala a anthu ena amene anaona.

Musathamangire TikTok. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo pa intaneti mlomowo umatsata ndi ena omwe. M'vidiyomo mukhoza kukhala nkhope ya Mmalawi mnzanu amene mapepala ake sali bwino, kapena mayi amene sakufuna kuti abale ake ku Mzimba amuone akugubuduzidwa pansi. Funsani kaye mwini tsokalo kapena abale ake. Lamulo la apolisi lija, pa ndime 69, limaletsanso kufalitsa popanda chilolezo chithunzi cha munthu amene ali m'manja mwa apolisi pomuganizira mlandu, ndipo nkhope za ana siziyenera kuoneka konse. Kujambula ndi kufalitsa ndi zinthu ziwiri. Mukasankha kufalitsa, bisani nkhope zimenezo, lembani zokhazo zimene munaona ndi maso anu, ndipo musatchule wapolisi dzina n'kumunena za mlandu umene vidiyoyo siikuonetsa, pakuti akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri. Nthawi zambiri kupereka vidiyo kwa mtolankhani kapena loya kumakutetezani kuposa kuiika pa tsamba lanu, pamene pali dzina lanu ndi zithunzi za pakhomo panu.

Ngati wina wamenyedwa, apite kuchipatala msanga mabala asanapole, dokotala akalembe za mabalawo pa fomu ya J88, imene imatengedwa kupolisi. Jambulaninso mabalawo tsiku loyamba ndi masiku otsatira, chifukwa zotupa zina zimaonekera bwino mawa lake.

Bungwe lofufuza apolisi ndi IPID, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Limafufuza a SAPS ndi a mzinda omwe, pa nkhani za imfa yochitikira m'chitokosi kapena m'manja mwa apolisi, kuombera, kumenya, kuzunza, kugwiririra ndi ziphuphu, ndipo lili ndi ofesi kuno ku Johannesburg. Mukhozanso kutsegula mlandu pa siteshoni ina, osati imene apolisiwo amachokera, n'kulandira nambala ya mlanduwo, yotchedwa CAS. Musachoke musanadziwe kuti nambalayo ibwera bwanji, kawirikawiri imabwera pa SMS. Zinthu zing'onozing'ono, monga mwano kapena kukana kukuthandizani, zimapita kwa mkulu wa siteshoni, ndipo dandaulolo likhale lolemba, inu n'kusunga kope. IPID imachedwa, milandu imaichulukira, choncho muzipitako kukafunsa, musamangodikira foni.

Chipukuta misozi ndi njira ina, yodzera kukhoti, ndipo pamenepa pali tsiku limene ambiri amaliphonya. Lamulo la mu 2002 lokhudza kusumira boma limafuna kuti mupereke chidziwitso cholemba pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chichitikireni nkhaniyo, ndipo mlandu weniweniwo uyenera kuyamba pasanathe zaka zitatu. Miyezi isanu ndi umodzi imatha munthu akuthamangitsana ndi maganyu ndi lendi. Ku Braamfontein kuli Lawyers for Human Rights, amene amathandiza kwambiri anthu obwera, ndiponso Wits Law Clinic. Alipo maloya ena amene amatenga milandu yotere n'kudzalipidwa pokhapokha mwapambana; lamulo silimawalola kutenga zoposa 25 peresenti ya ndalama zimene mwapatsidwa, ndipo mgwirizanowo uyenera kukhala wolemba. Popita kumeneko tengani vidiyo yoyambirira ija, kope ya J88, pepala la SAP 14A, nambala ya CAS, ndi pepala lija munalembapo mayina a mboni.